Mbalame Ikathawa Mazira Ake

 Amene muli kudimba pitirizani kuthirira, mutibwereke khutu lokha. Lero tikamba za mbalame, koma osati za mumphika.

Aliyense amene anakulira kumudzi anamvapo lamulo lija lakuti ukapeza chisa usakhudze mazira, chifukwa make akangomva fungo la dzanja lako sabweranso. Lamuloli ndi labwino ndithu, lapulumutsa zisa zambiri m'manja mwa anyamata a malegeni, ndipo sindinabwere kudzaligwetsa. Koma chifukwa chimene timaperekacho n'choperewera. Anthu ofufuza za mbalame amagwira mazira chaka ndi chaka, kuwayeza pa sikelo, kuwalemba manambala, n'kuwabwezera m'chisa, mwini wake n'kubwera kudzakhalira ngati sipanachitike kanthu. Zimene zimathawitsa mbalame ndi zina: kuipirikitsa pafupipafupi, njoka, ng'azi, linthumbu, madzi osefukira. Ndiye pali mdani wina amene ambirife sitimuwerengera. Ameneyu ndi mbalame inzake, ndipo sabwerera kudya ayi. Amabwera kudzasiya mwana.

Padziko lonse pali mitundu ya mbalame yoposa 10,000. Mwa imeneyi, pafupifupi 100 simanga chisa, sikhalira mazira, sidyetsa mwana. Yaikazi imazonda chisa cha mbalame ya mtundu wina, kudikira mwini achokepo, kulowa, kuikira dzira lake, n'kuzimiririka. Zotsalazo aziona eni nyumba. Buku la mbalame za m'dziko muno limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa mu 2006 lili ndi mitundu pafupifupi 650, ndipo magulu onse anayi a mbalame zoleretsa ana a mu Africa ali momwemo: mbalame za cuckoo, nsadzu, timbalame ta mchira wautali tija pamodzi ndi abale ake akuda bii, ndi kambalame kachikasu ka m'madambo kotchedwa cuckoo finch. Nkhalango ya Liwonde yokha, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira 2015 ikusamalidwa ndi a African Parks, ili ndi mitundu pafupifupi 400. Koma mbalame sizidziwa za waya wa paki. Nkhani ndikukambayi imachitikanso mumtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba yanu.

Amayi oweta nkhanga ku Balaka, inu ndiye nkhaniyi simuimvera kwa ine. Nkhanga yoweta siisamala kwenikweni za kukhalira, choncho mumatenga mazira ake n'kupatsa thadzi la nkhuku. Mumadziwanso pamene pamavuta. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, la nkhanga limafuna pafupifupi 28. Mukawasakaniza tsiku limodzi, thadzi likangoona anapiye ake aswa limadzambatuka kukawafukulira zakudya, a nkhanga aja n'kuzizira, n'kusukusa. N'chifukwa chake odziwa amachotseratu a nkhuku, kapena amatsogoza a nkhanga ndi sabata imodzi. Mbalame zoleretsa za m'tchire zili ndi vuto lomwelo, ndipo zinalithetsa popanda wozithandiza: mwana wawo aswe msanga, ana a eni nyumba achoke. Cuckoo ndi nsadzu zimasunga dzira m'mimba tsiku lathunthu lowonjezera zisanaikire, kotero kuti likamagwera m'chisa cha eni ake, kamwana kali m'katimo kayamba kale ulendo.

Tiyambe ndi nsadzu, poti ndiyo imene timaikonda. Achiyao amati sego. Ndi mbalame ija imalira molimbikira, kuuluka mtengo uwu ndi uwo, kutsogolera munthu mpaka pamphako ya njuchi, iyo n'kudya phula lotsala. Kutsidya kwa malire, m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique, Claire Spottiswoode wa ku yunivesite za Cambridge ndi Cape Town anayenda ndi Ayao ofula uchi, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 2016. Ofula uchi kumeneko ali ndi kaitanidwe kawo, amati “brrrr-hm”. Akamayenda akuitana motero, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa maulendo 100 alionse. Mbalame ya m'tchire, yosawetedwa ndi munthu, kumamva kuitana kwa munthu! Nkhani yokoma.

Tsopano imvani mmene mnzathuyu amabadwira.

M'mphepete mwa Shire, mwa Rivirivi, ndi m'makwawa a mchenga a kwathu kuno muli fulagombe wamng'ono uja, wobiriwira pamsana, wachikasu pakhosi, wokhala ndi kamzere kakuda pachifuwa. Kutentha kukafika pachimake, cha mu Sepitembala ndi Okutobala, amakumba una m'gombe, kutalika kwake mkono wa munthu wamkulu kapena kuposerapo, n'kuikira timazira toyera kumathero kwake. Nsadzu yaikazi imalowa mu una womwewo. Imasiya dzira lake limodzi, loyeranso, ndipo isanatuluke imajompha mazira a fulagombe amene yawapeza, kabowo kakang'ono pa lililonse, kokwanira kupha kamwana ka m'kati. Ena imawaphonya, ena fulagombe amaikira pambuyo pake. Amenewo ndiwo amakumana ndi mwana wa nsadzu.

Spottiswoode yemweyo, ali ndi mnzake Jeroen Koorevaar, anakwirira timakamera toona mumdima m'mauna a afulagombe pafupi ndi Choma, kummwera kwa Zambia, ndipo anafalitsa zimene anaona mu 2011. Mwana wa nsadzu amaswa ali wosaona, wopanda nthenga, koma kunsonga kwa mlomo wake, m'mwamba ndi m'munsi, kuli tingowe takuthwa. Pamene mwana wa fulagombe akutuluka m'chigoba, mlendoyo amakhala atamuposa kale kulemera pafupifupi katatu. Amamufwanthula mumdimamo, kumuluma, kumugwedeza, kumusiya, kumulumanso, mpaka kamwanako kufa. Makolo ali pomwepo, akubweretsa njuchi ndi tombolombo, osaona kanthu. Amalera wakuphayo kwa pafupifupi mwezi wathunthu, tingowe tija n'kutha, iye n'kutuluka kukayamba ntchito yotsogolera anthu ku uchi.

Fulagombe angatani? Mu una mulibe kuwala koti n'kusiyanitsa dzira ili ndi ilo, ndipo onse ndi oyera. Njira imene ili m'manja mwake ndi yowawa: kukana mazira onse pamodzi, ake ndi achilendo omwe, n'kukayambiranso. Ku Choma, kumene zisa zoposa theka za afulagombe zimalowedwa ndi nsadzu, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Kwa woyenda m'gombe, ameneyo ndi mayi wotaya ana. Koma taganizani za masamu ake. Akakhalabe, atha masabata atatu akukhalira ndi mwezi wina akudyetsa, n'kutuluka wopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Akachoka lero, wataya mazira anayi kapena asanu amene ambiri ndi obooka kale, koma watsala ndi mphamvu ndi masiku.

Funso limene linavutitsa ofufuza ndi lakuti amadziwa bwanji kuti nthawi yochoka yakwana. Wenfei Tong ndi anzake anayesa, n'kufalitsa mu 2015. M'mauna ena anaikamo dzira lachilendo. Pakhomo pa ena anaimikapo chidole cha nsadzu, pa ena chidole cha mbalame ina yosalakwa. Afulagombe ambiri anachiukira chidole cha nsadzu, chinacho osachilabadira, kusonyeza kuti mdani wawo amamudziwa nkhope. Koma kukana mazira? Ayi. Dzira lachilendo palokha silinawachotse, chidole pachokha sichinawachotse, ngakhale ziwirizo pamodzi. Chotsala chimene munthu angachiloze chala ndi mazira obooledwa aja.

Ndipo apa pali umboni wochokera kutali. Ku Kansas, m'dziko la America, kuli kambalame kotchedwa Bell's vireo kamene kamathawa zisa kwambiri pakafika mbalame yoleretsa ya kumeneko, cowbird. Kwa nthawi yaitali anthu ankati kamazindikira dzira la mlendo. Kafukufuku wa Karl Kosciuch ndi anzake, wa mu 2006, anasonyeza kuti chimene chimakachotsa ndi kuchepa kwa mazira ake. Cowbird akamaikira amachotsako ena a mwini. Akachotsa ambiri, mwini amachoka. Akasiya okwanira, mwini amakhalira onse, lachilendo lomwe. Kunena kwina, mbalame zambiri zikamathawa chisa sikuti zagwira wakuba. Zaona kuti zimene zatsala sizikulipiranso thukuta.

[Kanyimbo]

Tikupitiriza, omvera. Takamba za mbalame ya mumdima. Za poyera nkhani yake ndi ina, chifukwa zili ndi maso, ndipo zina zili ndi mlomo wotha kunyamula dzira.

Nthengu mukuidziwa, yakuda ija ya mchira wa mphanda, yosaopa ngakhale kabawi. Imamanga kachisa kosaya pamphanda ya nthambi mvula isanagwe, ndipo mdani wake ndi African cuckoo. Nthengu yaikazi iliyonse imaikira mazira a maonekedwe akeake moyo wake wonse: ina oyera opanda banga, ina ofiirira a madontho, ina a mawanga akuluakulu. Cuckoo nayenso amatha kupanga mitundu yonseyi, moti munthu ukaika awiriwo padzanja umasowa chonena. Koma cuckoo wamkazi mmodzi ali ndi mtundu umodzi wokha, ndipo sasankha chisa chofanana nawo, amangoikira pamene wapeza. Jess Lund ndi anzake, pakati pawo Collins Moya ndi Silky Hamama a ku Zambia komweko, anawerengera mu 2023 kuti mazira a cuckoo oposa 90 pa 100 alionse nthengu imawazindikira n'kuwataya. Ndiye nthengu ithawirenji chisa? Imachotsa limodzi, n'kukhalira otsala.

Chimodzimodzi timba. Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake, ndipo pa timba wa m'thengo la m'mbali mwa munda, amene m'mabuku amati tawny-flanked prinia, mawuwa ndi oona kuposa mmene ankaganizira. Kambalame kochepa chonchija kamaikira mazira okongola koposa: ena oyera, ena obiriwira ngati thambo, ena ofiira ngati njerwa, ena a mtundu wa tsamba lofota, onse olembedwa timizere topotanapotana kumbali yaikulu. Cuckoo finch amatsanzira mitundu yambiri mwa imeneyi, koma timizere tija timamukanika, ndipo mtundu wa tsamba lofota uja sanaufikebe. Timba akaona dzira lokayikitsa amalibowola ndi mlomo n'kukalitaya. Poona izi, mdaniyo ali ndi chinyengo china chimene Martin Stevens ndi anzake anachionetsa mu 2013: amabwerera chisa chomwecho kawiri kapena katatu, kuchotsa la timba, kuika lake. Achilendo akachuluka kuposa a mwini, timba amasokonezeka, sadziwanso lake ndi liti.

Za mpheta tingodutsapo, ngakhale kuti ndizo timaziona kwambiri, zisa zili lendelende m'mithethe ndi m'bango m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe. Mdani wake ndi Diederik cuckoo, wobiriwira monyezimira, woyera kumimba, amene amamveka mvula ikayandikira akulira kuti “dii-dii-dii-diderik”. Mwana wake akaswa amasenza mazira kapena ana a mpheta pamsana n'kuwagwetsera kunja, limodzilimodzi. Mpheta nazo zimadziteteza ndi mazira osiyanasiyana. David Lahti anayerekeza mpheta za mu Africa ndi zimene anthu anapita nazo ku zilumba zopanda cuckoo woleretsa ana, ku Hispaniola m'zaka za m'ma 1700 ndi ku Mauritius mu 1886, n'kupeza kuti kumeneko mazira anayamba kufanana, kusiyanasiyana kuja kukuzilala. Chenjezo langa pa mpheta ndi limodzi: musawerenge chisa chilichonse chopanda kanthu ngati chothawidwa. Yaimuna imaluka zisa zambiri, yaikazi n'kuyendera, n'kukana zina. Zokanidwazo mwini wake amazisiya kapena kuziphwasula yekha.

Mbalame imene ine imandiimitsa mutu pa nkhani yonseyi ndi pumbwa, wakuba tsabola ndi mapapaya uja. Pumbwa amaleretsedwa ndi Jacobin cuckoo, wakuda ndi woyera, wa tsumba pamutu. Ku South Africa kuli mbale wake wa pumbwa wathuyu, wotchedwa Cape bulbul, amene Oliver Krüger anamutsata zaka zingapo n'kufalitsa mu 2011. Kumeneko cuckoo sadzivuta n'komwe kutsanzira. Dzira lake ndi loyera mbee, lalikulu, lobulungira, la chigoba cholimba, lili pakati pa timazira ta madontho ta mwini. Ngakhale mwana wa sitandade 1 angaliloze. Pafupifupi chisa chimodzi pa zisanu zilizonse chinali nalo. Koma mwini salitaya, poti mlomo wake sungalinyamule kapena kulibowola, ndipo nthawi zambiri sathawanso chisa. Amangokhalira.

Munthu anganene kuti n'kupusa. Krüger atawerengera ana amene anauluka m'zisa zosiyanasiyana anapeza zina. Cuckoo ameneyu kawirikawiri amaphonya nthawi: amaikira mochedwa, dzira lake n'kuswa ana a mwini atakula kale, kapena osaswa n'komwe. Choncho chisa chokhala ndi dzira lachilendo sichinafe, mwayi ulipo. Pamene nyengo ikamapita, njoka ndi zilombo zina zodya mazira zimachuluka, ma cuckoo nawo amachuluka, moti chisa chachiwiri chimakhala pangozi yoposa choyamba. Wothawa amataya chimene chinali ndi mwayi n'kukayamba chimene mwayi wake ndi wochepa. Wokhala ndiye amatuluka ndi ana ambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, abale anga. Kuthawa chisa kulibe phindu palokha. Phindu lake lili pa chisa chachiwiri, ndipo chisa chachiwiri chimafuna zinthu ziwiri: masiku otsala ndi malo otsala. Mbalame imene mlendo wake ndi wakupha, ngati fulagombe, ikachoka msanga yapulumuka. Imene ingathe kutaya dzira limodzi sichoka. Imene nyengo yaithera imapirira. Ndipo imene mlendo wake ndi wofatsa siganizako n'komwe zochoka. Chitsanzo ndi pingo, kambalame kofiira kotola madeya pamtondo. Amene amaikira m'chisa chake ndi kambalame kakuda konyezimira kotchedwa village indigobird. Mwana wake saluma, sagwetsa mnzake, amakulira limodzi ndi ana a pingo, ndipo m'kamwa mwake muli timadontho tofanana ndi ta iwo, toti make akasuzumira asaone kusiyana. Robert Payne wa ku yunivesite ya Michigan, amene anatsata timbalameti m'mayiko ambiri kuphatikizapo Malawi, anasonyeza kuti tatimuna timaphunzira nyimbo ya mbalame imene inatilera, ndipo tatikazi timafuna mwamuna woimba nyimbo yomweyo ndi chisa cha mtundu womwewo. Pingo amaluza chakudya pang'ono, ana ake n'kuuluka.

Kunja kwa Africa ziliko zina zodabwitsa. Ku Australia, Naomi Langmore anaonetsa mu 2003 kuti kambalame kotchedwa superb fairy-wren kamadikira mpaka dzira kuswa. Kakapeza kuti m'chisa mwatsala mwana mmodzi yekha wolira mwachilendo, kamamusiya afe ndi njala, iko n'kuyamba kumanga pena. Kanachita zimenezi kwa ana pafupifupi 40 pa 100 alionse a cuckoo amene amakavutitsa kwambiri. Ku America, yellow warbler sasamuka n'komwe: amayala udzu watsopano pamwamba pa mazira onse n'kuikira ena, ndipo zapezekapo zisa zosanjikizana mpaka kasanu ndi kamodzi. Ku Spain, mu 1995, ofufuza anaona kuti great spotted cuckoo, yemwe kuno amaikira kwa akhwangwala, amabwerera kudzasakaza chisa chimene dzira lake latayidwa. Kumeneko kumvera ndiko kupulumuka.

[Kanyimbo]

Tibwerere kwathu. Nkhondo imeneyi ndi yakalekale, ndipo mbali zonse ziwiri zikadalipo, kusonyeza kuti palibe amene akumaliza mnzake. Pa chifukwa chimenechi ine sindigwirizana ndi amene akaona kambalame kakang'ono kakudyetsa chimwana chokaposa kukula amati ndi malodza, n'kuchigenda. Si malodza, ndipo kuchipha sikubwezera ana amene anafa kale. Komanso ma cuckoo amadya mbozi zaubweya zija zimene mbalame zambiri zimaziopa. Asiyeni.

Chimene chasintha m'maboma athu si cuckoo kapena nsadzu. Ndi masiku aja ndi malo aja. Fulagombe amakumba una wake mu Sepitembala ndi Okutobala, miyezi yomweyo imene ngolo zili pamzere kutapa mchenga mumtsinje ndipo oumba njerwa akugumula magombe. Akataya mazira oyamba chifukwa cha nsadzu, n'kupeza gombe lina lagwa, chaka chimenecho chapita. Nthengu imamanga nthawi imene moto wosakira mbewa uli ponseponse. Mitengo ikuluikulu ya mphako, tsanya ndi inzake, ndiyo imapita ku makala poyamba, pamene mphakozo ndi nyumba za njuchi ndiponso za mbalame zina zimene nsadzu imadalira. Maganizo anga ndi akuti zisa zikachepa, mbalame yozonda siivutikanso kufunafuna, zochepa zotsalazo ndizo zimasenza katundu yense.

Za m'madzi nazo zili ndi zawo. Nyanja ya Chilwa, imene dziko lathu linailembetsa mu 1996 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka fumbi. Mpheta ndi anzawo ofiira a m'njedza amaswana pamene madzi aimirira pansi pa zisa ndipo tizilombo todyetsa ana tachuluka. Chaka cha mvula yodukiza, monga timaonera kawirikawiri ku Balaka dzuwa likang'amba mu Januwale, nyengo yoswana imafupika. Timba amene akanatha kuyesa kawiri kapena katatu pakati pa Januwale ndi Malichi amatsala ndi mpata umodzi. Sindikunena kuti tisiye kuumba njerwa kapena kudula bango la mphasa. Anthu tiyenera kukhala. Koma gombe limene muli mauna atsopano, a mchenga wongofukulidwa pakhomo, lingadikire mpaka Disembala, ndipo mchenga ulipo wambiri pamtunda pang'ono.

Kwa inu achinyamata oweta mbuzi ndi ng'ombe, amene zisa mumazidziwa kuposa ife tonse, nazi zoti muziyang'ana mukapeza chisa chozizira. Mazira onse atasowa koma chisa chili bwinobwino, kawirikawiri imakhala njoka, poti imameza osaphwanya. Chisa chong'ambika ndi zigoba zili mbwee, ganizani za pusi, ng'azi kapena mbalame yolusa. Timazira toyera tili pakhomo pa una m'gombe, tili ndi kabowo kamodzi kakang'ono, nsadzu yadutsapo. Dzira limodzi lokha lili pansi pa mtengo, otsala ali m'chisa ndipo ndi ofunda, chisa chimenecho sichinathawidwe ayi, mwini wagwira mlendo ndipo ali pafupi akukuonani. Patukani.

Aphunzitsi amene mumayendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu, kope limodzi la masamba 40 ndi lokwanira: tsiku, malo, mtengo, mbalame yake, mazira angati, a mtundu wanji, chinachitika n'chiyani. Kafukufuku yense wa ku Choma amene ndamutchula lero waima pa anthu a m'midzi odziwa kupeza zisa, ndiponso pa mlimi wa fodya wa kumeneko, John Colebrook-Robjent, amene kwa zaka zambiri mpaka imfa yake mu 2008 ankalemba chisa chilichonse chimene anyamata a pafamu pake amuonetsa. Spottiswoode ndi Stevens atayerekeza mazira amene iye anasunga kuyambira m'ma 1970 ndi a m'zaka zaposachedwa, anapeza mu 2012 kuti mitundu ya mazira a timba ndi a cuckoo finch yasintha m'zaka 40 zokha, timba akusunthira ku mitundu yatsopano, mdani wake akumulondola pambuyo.